Mwendo anaudula koma chala chikuwawabe

Atsibweni anga aku Mufakose, kuno ku Harare, anawadula mwendo wakumanzere chaka chatha, mmunsi mwa bondo, chifukwa cha shuga. Bala linapola bwinobwino, koma patangopita masabata angapo anayamba kudandaula usiku kuti chala chachikulu chikuwawa ngati wina akuchipana ndi pulayala, pena nkumati chidendene chikuyabwa. Pakhomo panabuka nkhani, azakhali akuti mwina mwendowo sanaukwirire bwino, ena akutchalitchi akuti apa pali dzanja la munthu, ana nawo akungoyang'anizana ngati akuti sekuru ayamba kusokonezeka. Tsiku lina madzulo ndinakhala nawo pakhonde ndipo ndinawaona akuwerama kuti akande, dzanja nkutsika mpaka pomwe panali phazi, nkugwira mphepo, nkubwerera pa ntchafu. Anandiyang'ana nkuti "mphwanga, nanenso maso ndili nawo, ndikuona kuti palibe, koma chikuwawa."

Sakunama, sanalodzedwe, ndipo mutu wawo ukugwira bwino lomwe. Kuti izi zimveke tiyenera kuyamba ndi funso loti kodi tikamati tikumva, chimamvacho ndi chiyani kwenikweni.

Chichewa chathu pa nkhaniyi chili ndi nzeru yake. Timati kumva phokoso, kumva fungo, kumva kukoma, kumva kuwawa, kumva kuzizira, mpaka kumva chinenero, zonsezi mawu amodzi, kuona kokha nde kuli pakokha. Ndipo mkati mwa thupi zilidi choncho, ndi ntchito imodzi, kuonako nkuphatikizapo. Ubongo uli mu chigaza mmene muli mdima wa ndiweyani, simulowa kuwala, simulowa fungo la ndiwo, ubongowo sunakhudzepo nsima chibadwire. Chomwe umalandira ndi timauthenga ta magetsi tobwera pa minyewa basi, nde kuchokera mu timauthenga timeneto umapanga mtundu wa maluwa a jacaranda, hutala ya kombi, kutentha kwa tiyi, zonse zomwe ife timati dziko.

Ogwira ntchitoyi ndi maselo otchedwa ma neuron, ndipo mu ubongo wa munthu alimo pafupifupi 86 biliyoni, mu kanthu kolemera makilo osafika 1.5 koma kamene kamadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zonse za thupi. Neuron imodzi ili ngati kamtengo, kumutu kuli tinthambi tambirimbiri tolandirira uthenga, kenako kamchira kamodzi katali kotumizira, ndipo kamchira kena kamachoka mmunsi mwa msana mpaka ku chala cha kuphazi, kutalika pafupifupi mita yathunthu selo imodzi yokha. Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1906, ndi amene anaumirira kuti maselowa sanalumikizane ngati ukonde umodzi ayi, iliyonse ndi payokha ndipo pakati pawo pali kampata. Uthenga ukafika pa kampatako selo imalavula timankhwala, timankhwalato nkuwoloka nkukadzutsa selo inayo kapena kukaigoneka. Mankhwala ambiri omwe timamwa a ululu, a khunyu, a maganizo, ngakhale mowa ndi fodya, amagwira ntchito yawo pa timipata timeneti.

Magetsi akewo si a pa soketi ayi, ndi a mchere. Kunja kwa selo kwachuluka sodium, mkati kwachuluka potassium, nde selo ikakhudzidwa timakomo timatseguka, sodium nkukhamukira mkati, timakomo toyandikana nato nkutseguka, choncho choncho mpaka kumapeto kwa kamchira kaja, ngati mmene moto umayendera pa udzu wouma. Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley anazifotokoza izi mu 1952 atayesa pa mnyewa waukulu wa squid, nyama ya mnyanja yamchere. Chosangalatsa nchoti kauthenga kalikonse ndi kofanana kukula kwake, palibe kakakulu palibe kakang'ono, kaya kapita kaya sikanapite. Nanga ubongo umadziwa bwanji kuti uku ndi kusisita uku ndi kutsina? Umawerenga kuchuluka kwake. Zili ngati munthu wogogoda pa geti, kugogoda ndi komweko koma wina akagogoda kamodzi nkudikira mumadziwa kuti ndi mlendo, wina akamagogoda motsatizana osapumira mumadzuka ndi mtima uli mmwamba.

Liwiro lake nalo limasiyana. Minyewa ina ndi yokutidwa ndi mafuta ngati waya wa pulasitiki ndipo uthenga umathamanga mpaka mamita 120 pa sekondi, pomwe ina ndi yopyapyala yosakutidwa, imayenda pafupifupi mita imodzi pa sekondi. Nchifukwa chake magetsi akathima mukapunthwa chala pa mwendo wa bedi ululu umabwera kawiri, koyamba kulasa kwa msangamsanga, kenako pakapita kamphindi nde kumabwera kuja kophwanya mkati kokukhazikani pansi. Ndi mauthenga awiri onyamuka nthawi imodzi pa misewu yosiyana. Ndipo mukagwira poto wotentha dzanja limathawa musanamve nkomwe kupsa, chifukwa lamulo lothawitsa dzanjalo limaperekedwa mu msana, ubongo umauzidwa zitachitika kale.

Tsopano apa nde pagona nkhani ya atsibweni. Ngati timauthenga tonse ndi tofanana, ubongo umasiyanitsa kuwala ndi phokoso pongoona kuti uthengawo wabwera pa chingwe chiti ndipo wafikira pati. Johannes Müller wa ku Germany anazinena izi kalekale mzaka za mma 1800. Tsinzinani mukanikize diso pang'ono chakumbali ndi chala, muona kabwalo kowala pomwe kulibe nyali, chifukwa chilichonse chobwera pa mnyewa wa diso ubongo umati ndi kuwala basi. Kapena mukagunda chigongono pa chitseko cha kombi potsika, dzanzi lija limakafika ku kachala kakang'ono ndi koyandikana nako, chonsecho zalazo palibe wazikhudza. Mnyewa wochokera ku zalazo umadutsa pa chigongono, nde wagundidwa panjira, koma ubongo ulibe njira yodziwira kuti uthenga wayambira pakati, umangoona kuti chingwe ichi ndi cha kachala nkuyika ululu pa kachala. Ndiye taganizani, mwendo akaudula mnyewa umene unkapita ku chala chachikulu sumachoka wonse, umangodulidwa, chotsalacho chikadalipo kuchokera pa chitsa mpaka mu msana, ndipo nsonga yodulidwayo nthawi zina imapola mopanga kachotupa kamene kamatumiza mauthenga pakokha popanda wochikhudza. Ubongo ukalandira umawerenga adiresi yakale, chala chachikulu chakumanzere.

Tsabola naye amatinamiza mwa njira yomweyi. Kambuzi amene timatumizirana kuchokera kumudzi alibe moto, mutamuyika thermometer sangakwere, koma muli mankhwala otchedwa capsaicin amene amatsegula kakhomo ka pa minyewa kamene ntchito yake ndi kumva kutentha kopitirira madigiri 43. David Julius ndi anzake anakapeza kakhomo kameneka mu 1997 ndipo mu 2021 analandira Nobel limodzi ndi Ardem Patapoutian amene anapeza timakomo tomva kukanikiza. Nde ubongo ukalandira uthenga pa chingwe cha moto umakhulupirira ndithu kuti mkamwa mukupsa, mpaka thukuta kamukamu. Maswiti a menthol amachita zomwezo pa chingwe cha kuzizira. Mbalame capsaicin siziimva, zimadya tsabola ngati zikudya mapira.

Komatu nkhani siithera pa chitsa pokha. Mu ubongo muli mapu a thupi lonse. Wilder Penfield, dokotala wa ku Montreal, kuyambira mzaka za mma 1930 ankachita opaleshoni anthu a khunyu ali maso, poti ubongo pawokha sumva kuwawa ukakhudzidwa, nde ankati akakhudza malo ena ndi kamagetsi kochepa wodwala nkuti ndamva pa mlomo, akasuntha pang'ono nkuti ndamva pa chala. Anapeza kuti mapuwo ndi okondera, milomo, lilime ndi zala zili ndi minda ikuluikulu pomwe msana wonse uli ndi kadimba chabe. Mutha kuyesa kunyumba, tengani timitengo tiwiri totokosera mano mumukhudze mnzanu atatsinzina, pa nsonga ya chala azimva kuti ndi tiwiri ngakhale titatalikirana mamilimita 3 okha, koma kumsana mutha kutalikitsa masentimita 3 iye nkumati ndi kamodzi. Ndiye mwendo wa atsibweni unachoka, koma munda wake mu mapu aja ukadalipo, ndipo maselo ake sanafe, akudikirabe uthenga, akausowa amayamba kutola za oyandikana nawo kapena kulira okha. Anthu ambiri odulidwa chiwalo amachimvabe, ndipo ambiri mwa iwo chimawawa. Si zachilendo ayi, Ambroise Paré, dokotala wa ku France, anazilemba mzaka za mma 1500 za odwala ake, ndipo Silas Weir Mitchell amene ankasamalira ovulala pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ndi amene anachipatsa dzina loti phantom limb, ngati kunena kuti chiwalo cha mzukwa. Dzinalo ine sindilikonda kwenikweni, chifukwa kwathu kuno ukangotchula mzukwa anthu amathamangira kwina.

Mwina wina anena kuti chabwino, izo ndi za odwala, ife athunthu timaona dziko mmene lilili. Ayi ndithu. Diso ndi lomwe limatinamiza kwambiri ndipo timalikhulupirira koposa. Chithunzi chimagwera kumbuyo kwa diso chili chadodolido, ndipo maselo olandira kuwala alipo oposa 100 miliyoni pomwe mnyewa wopita ku ubongo uli ndi tizingwe pafupifupi 1 miliyoni basi, kutanthauza kuti zambiri zimafinyidwa zisanachoke nkomwe mmaso. Pamalo pomwe mnyewawo umatulukira palibe selo yoona ngakhale imodzi, diso lililonse lili ndi kadera kakhungu. Jambulani kadontho kumanzere kwa pepala ndi kamtanda kumanja, motalikirana ngati chikhatho, tsekani diso lakumanzere, lakumanjalo liyang'anitsitse kadontho, nde muzibweretsa pepalalo pafupi pang'onopang'ono. Pafika pena pomwe kamtanda kaja kazimiririka. Ndipo chomwe chimandidabwitsa ine mpaka lero nchoti simuona dzenje lakuda ayi, mumaona pepala loyera bwinobwino, ubongo wamata pamenepo ndi zomwe ukuganiza kuti ziyenera kukhalapo, ndipo wakhala ukumata choncho moyo wanu wonse osakuuzani.

Hermann von Helmholtz ananena mzaka za mma 1860 kuti kuona ndi kulota mwanzeru kumene ubongo umachita ife osadziwa, umatenga uthenga wochepa wochokera mmaso nkuphatikiza ndi zomwe unazolowera, nkutipatsa yankho. Nthawi zambiri umalondola nchifukwa chake sitizindikira. Koma kukada, pamene maselo oona mitundu asiya kugwira ntchito nkutsala aja oona zotuwa okhaokha, uthenga umachepa nde kulotako kumachuluka, payipi ya madzi pa kapinga nkusanduka njoka, ovolosi yoyanikidwa pa chingwe nkukhala munthu wayima kuseri kwa nyumba. Munthu wamantha amaonadi munthuyo, sakupeka.

Chitsanzo chomwe chimandikhudza kwambiri ndi cha ife a Chichewa okhala pakati pa anzathu a Chishona. Agogo anga aamuna anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali mnyamata, anakhala ku Mbare mpaka kumwalira, koma l ndi r kwa iwo chinali chinthu chimodzi, ndipo ma sv ndi zv aja oimba kamluzu anawakanika mpaka kalekale. Ana a mmudadada ankawaseka, ifenso tinkachita manyazi, tinkaona ngati ndi lilime lolemera. Koma vuto silinali lilime lokha, kusiyanako sankakumva bwino. Janet Werker ndi Richard Tees anaonetsa mu 1984 kuti khanda la miyezi 6 mpaka 8 limatha kusiyanitsa mawu a zinenero zomwe silinamvepo, koma likamafika miyezi 10 mpaka 12 luso lija limayamba kutha, ubongo umasunga malire a mawu a chinenero cha pakhomo nkufufuta enawo. Mu Chichewa kusintha l ndi r sikusintha tanthauzo la mawu, nde ubongo wa mwana wa ku Dedza umaziyika mu dengu limodzi. Makutu a agogo anali abwinobwino, phokoso linkalowa lonse, koma chomwe munthu amamva ndi chomwe ubongo wasankha. Ndipo ife tili ndi zathu zomwe ena zimawavuta, mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga pa Mbare Musika timasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu kokha, mlendo wochokera ku chinenero chopanda zimenezi amangomva mawu amodzi. Ndikanadziwa izi ndili mwana sindikanachita nawo manyazi agogo aja.

Maso nawo ali ndi nyengo yawo yophunzira. David Hubel ndi Torsten Wiesel, a Nobel ya 1981, anapeza kuti mwana wa mphaka akatsekedwa diso limodzi masabata oyambirira, disolo ngakhale lili labwino silidzaonanso bwino, chifukwa malo ake mu ubongo amalandidwa ndi diso linalo. Nchifukwa chake mwana wobadwa ndi ng'ala kapena amene diso limodzi likuyang'ana kumbali simudikira kuti akula nazo zitha zokha, mumapita naye kuchipatala akadali wamng'ono.

Za fungo ndingonena pang'ono. Tili ndi mitundu pafupifupi 400 ya timakomo ta fungo mmphuno, ndipo njira yake imafika mwachidule kufupi ndi mbali za ubongo zosunga zikumbutso ndi zomva mumtima. Munthu akatsika basi ya ku Blantyre ndi kathumba ka usipa nkukamasula pabalaza, amayi anga amakhala chete kaye, amakhala ali kwina. Ndipo zambiri zomwe timati kukoma kwa chakudya ndi fungo, lilime palokha limadziwa kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa ndi kukoma kuja kwa msuzi wa nyama basi, omwe anataya fungo nthawi ya Covid akudziwa mmene nkhuku inkakomera ngati katoni.

Tibwerere ku ululu. Popeza ululu umapangidwa ndi ubongo, ubongo ndi msana zimathanso kuukweza kapena kuutsitsa. Ronald Melzack ndi Patrick Wall mu 1965 anafotokoza kuti mu msana muli ngati geti, uthenga wa kusisita ukamadutsa umatsekako njira ya uthenga wa ululu, nde mayi amene amapukuta pa bondo la mwana wagwa sakungomutonthoza chabe, akutsekadi geti. Kuchokera kumtunda nako ubongo umatumiza malamulo, munthu ali pa mpira amathyoka chala osadziwa mpaka masewero atatha, pomwe munthu wosagona, wa nkhawa, woti aliyense pakhomo akumukayikira, geti lake limakhala pululu. Apa mpamene ndimakwiya ndi mawu oti "zangokhala za mmutu izo". Inde ndi za mmutu, ululu wina uliwonse ndi wa mmutu, wa dzino, wa pobereka, wa kupsa, palibe ululu umene umamvekera kwina. Kunena choncho sikuchepetsa kanthu. Ndipo masiku omwe pakhomo pankakambidwa za ufiti ndi omwe atsibweni sankagona mpang'ono pomwe, nanga munthu ungagone ukuganiza kuti wina wako yemwe akukupana chala usiku?

Chomwe chinathandiza kwa iwo ndi zinthu zingapo pamodzi. Adokotala anawasinthira mankhwala, poti ululu wa minyewa nthawi zambiri sumvera panado, pamafunika ena monga amitriptyline kapena gabapentin ndipo amenewa ndi oti akulembereni adokotala osati kugula pa msika. A physio, aja a kuchipatala othandiza kulimbitsa ziwalo, anawaphunzitsa kusisita ndi kugogoda chitsa chija tsiku lililonse. Kenako galasi. Njira imeneyi anayiyambitsa V. S. Ramachandran ku California mzaka za mma 1990, ena imawathandiza ena ayi. Tinachotsa galasi la pa wadiropu nkuliyimika pakati pa miyendo yawo atakhala pa bedi, mwendo wabwino ukuonekera mu galasi, chitsa chabisika kuseri, nde ukayang'ana umaona miyendo iwiri yathunthu. Ndinawauza kuti agwedeze zala zonse mbali zonse ziwiri. Anayang'ana mu galasimo nthawi yaitali osayankhula, kenako anati chala chija chomwe chinali chopindika kuyambira tsiku la opaleshoni chawongoka. Azakhali anali pakhomo la kuchipinda atagwira pakamwa. Ululu sunatheretu, umabwerabe makamaka kukazizira mu June ndi July, koma tsopano akudziwa kuti ndi chiyani ndipo amagona.

Chinthu chimodzi chomwe chimandiwawa ndi mmene mwendowo unapitira. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amawononga minyewa, ndipo amayambira ija yaitali kwambiri, ya kumapazi. Zimayamba ngati dzanzi, ngati wavala sokosi pomwe sunavale, pena kutentha usiku, kenako zii. Atsibweni anayenda tsiku lonse mtauni ndi kamsomali katatulukira mkati mwa nsapato, sanamve kanthu, anadzaona madzulo sokosi ili magazi, ndipo poti sipankawawa anati ndi kabala chabe, nkumapitabe kuntchito. Khate nalo limatha zala mwa njira ngati yomweyi, minyewa ikafa munthu amapsa ndi kudzicheka osadziwa. Ndiye onani mmene zinakhalira, nthawi yomwe phazi linalipo ndipo likuwola silinawawe ndipo tonse tinati palibe vuto, pano phazi kulibe likuwawa ndipo tinati akunama. Kawiri konse tinkayang'ana pa phazi pomwe nkhani inali pa minyewa.

Galasi lija silinabwererenso pa wadiropu. Madzulo aliwonse akasamba amaliyika pansi nkuyang'ana kuphazi kwa mwendo wotsalawo, pakati pa zala, ku chidendene, kufuna kabala kapena thuza lomwe sangalimve, ndipo mmawa asanavale nsapato mdzukulu wawo wamng'ono amayamba wapisamo dzanja mpaka kunsonga nkuikutumula, nkuti "mulibe kanthu sekuru, valani."